Denga la kwa eni: za ana a ku Ntcheu amene akusamalira okalamba ku Mangalande

Aliyense amene adayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Dedza kutsikira ku Balaka adziwa kuti, kuyambira pa Lizulu kudzera pa Mlangeni kufikira pa Biriwiri, munthu akhoza kugula kabichi tsidya lino la msewu ali m'Malawi, nangodumpha phula lokhalo kukagula sopo tsidya linalo ali kale m'dziko la Mozambique. Ndipo anthu obadwira pamalo otere, amene malire a maiko amawaponda mmawa ndi madzulo osaitanitsidwa chiphaso, saopa ulendo wa kutali. Makolo awo, Angoni a kwa Maseko, adachokera kummwera kwenikweni kwa Africa ndi zishango m'manja. Zidzukulu za makolowo zidabwereranso kummwerako ndi mabulangete pamapewa, ena pansi pa Wenela kunka ku migodi ya ku Joni, ena pansi pa Mthandizi kunka ku minda ya fodya ya ku Halale, kotero kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000, kufikira ndege ya Wenela idagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha anthu oposa 70, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu a kumigodi.

Komponi ya masiku amenewo siyenera kutamandidwa ndi munthu aliyense woidziwa, pakuti amuna ankagona mothithikana pa mabedi a simenti, opanda akazi awo, ndi mlonda pachipata. Koma chinthu chimodzi wolembedwa ntchito sankachilingalira konse, ndicho funso lakuti ndikagona kuti, popeza amene adamulemba ndi amenenso ankamupatsa denga. Lero ulendo wasanduka. Amene apita kutali kopambana ndi ana aakazi ndi amayi, ena aphunzitsi, ena anamwino, ena amene ankagulitsa mbatatesi pa Tsangano. Ntchito imene akugwira ndi yosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza nkhalamba za ku Mangalande. Ndipo funso la pogona, limene agogo awo sadalisenze, ndilo lakhala katundu wolemera koposa ntchito yeniyeniyo.

Khomo la ntchito imeneyi lidatseguka pa 15 February 2022. Dziko la Britain, litatuluka m'bungwe la maiko a ku Ulaya ndi kupyola mliri wa Covid-19, lidapezeka kuti lilibe manja okwanira m'nyumba zosungiramo okalamba, ndipo boma lake lidalola kuti osamalira anthu, ngakhale opanda digiri ya unamwino, azilowa pa viza yotchedwa Health and Care Worker. Zofunika zidali zowerengeka: kalata yochokera kwa wolemba ntchito wa chilolezo, imene anthu angoitchula COS, mayeso a Chingerezi, kupimidwa chifuwa chachikulu, ndi ndalama zokwana £1,270 zokhala m'banki masiku 28 ngati wolemba ntchitoyo sadalonjeze kumusunga mlendo mwezi woyamba. Anthu a ku India, Nigeria ndi Zimbabwe ndiwo adakhamukira kumeneko mwaunyinji. Amalawi adali ochepa poyerekeza, ndipo dziko lathu lili pa mndandanda wa bungwe la World Health Organization wa maiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, kumene makampani a ku Britain saloledwa kudzakopa anthu. Choncho Mmalawi adayenera kudzifunira yekha ntchito, kapena kudzera mwa mbale amene ali kale kumeneko, kapena, tsoka ilo, kudzera mwa madobadoba. Okumbukira adziwa kuti aka si koyamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu adachoka ochuluka kunka ku Britain komweko, mpaka boma, mothandizidwa ndi a Britain eni akewo, lidawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 pa 100 alionse kuti otsalawo akhazikike.

Tisanafike pa za nyumba, nkoyenera kuti owerenga aione ntchitoyo monga ili, chifukwa pamudzi pano ambiri amangomva kuti mwana wa uje ali ku UK. Pali osamalira okhala m'nyumba ya okalamba pamalo amodzi, amene amagwira mashifiti a maola 12 usana kapena usiku. Palinso oyenda khomo ndi khomo, ndipo awa ndiwo amene moyo wawo uli wowawa. Wotere amadzuka kusanache, m'nyengo yachisanu pamene dzuwa limatuluka 8 koloko ili pafupi ndi kulowa 4 koloko isanakwane, nafika pakhomo loyamba, natsegula ndi kiyi wobisidwa m'kabokosi ka manambala, napeza gogo wa zaka 90 wadziipitsira pabedi usiku. Amuvula thewera, amupukuta, amukweza ndi makina onyamulira munthu, amuveka, amupatsa mapiritsi ndi tiyi, alemba zonse pa foni ya kampani, ndipo zonsezi azimalize m'mphindi 30 kapena 45 kuti athamangire khomo lachiwiri. Gogo wina adzamuyamika ndi misozi. Wina, amene matenda oiwala adamulanda nzeru, adzamutukwana kapena kumunena kuti wamubera. Ine ndiiyesa ntchito yolemekezeka, yoyenera munthu wa mtima wachifundo, ndipo ana a ku Ntcheu, amene adakula akutumidwa kukaphikira agogo phala, amaigwira bwino koposa ambiri. Koma ulemu wa ntchito sulipira lendi.

Tiwerengetse tsono. Mu April 2025 malipiro ochepetsetsa a wosamalira wa pa viza imeneyi adaikidwa pa £25,000 pa chaka, ndiko kuti pang'ono kupitirira £2,000 pa mwezi. Akachotsa msonkho ndi za inshuwalansi ya boma, zolowa m'thumba sizifika £1,800. Munthu wa kwa Ganya kapena kwa Njolomole akamva nambala imeneyi naitembenuza m'makwacha pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, amapeza ndalama zoposa K4 miliyoni pa mwezi, m'dziko limene mu 2024 malipiro ochepetsetsa adali K90,000, ndipo kwacha idali itangogwa kumene ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023; pamenepo mtima umadumpha, ng'ombe zimagulitsidwa, dimba limapinyolitsidwa, ndipo ngongole ya katapila imatengedwa ndi chikhulupiriro chakuti miyezi itatu yokha idzabwezedwa. Chimene saŵerengera n'chakuti mapaundi amenewo adzadyedwa kumene alandiridwa, pa mitengo ya kumeneko. Akulu adanena kuti walira mvula walira matope.

Matope oyamba ndi nyumba. Mu 2025 lendi ya nyumba wamba m'dziko lonse la Britain idali yopitirira £1,300 pa mwezi; mu London idapitirira £2,200, kutanthauza kuti malipiro onse a wosamalira sangakwanire denga lokha; kumpoto chakummawa kwa England, kumene kuli mizinda ya Newcastle ndi Sunderland, kudali kotsikirapo, kosafika £800. Ngakhale chipinda chimodzi chokha m'nyumba yogawana ndi ena, mu London chinkayandikira £1,000. Ndipo kukhala ndi ndalamayo sikutsegula chitseko nthawi yomweyo, pakuti mwini nyumba, kapena kampani yomuimira, amayamba wafunsa mbiri ya mlendoyo: makalata a malipiro a miyezi yapita, umboni wochokera kwa landilodi wakale, mbiri ya ngongole zake m'mabanki a kumeneko, ndipo kawirikawiri munthu wokhala m'dzikomo wolonjeza kulipira iye akalephera. Wongotsika ndege dzana alibe chilichonse mwa zimenezi. Ku England lamulo limakakamizanso mwini nyumba, chiyambire 2016, kutsimikiza kuti mlendo ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo eni nyumba ena, poopa chindapusa, amangosankha munthu wa pasipoti ya kwawo kuti asavutike. Pamwamba pa izi pali dipoziti, imene lamulo la 2019 lidaiikira malire a lendi ya masabata 5, kuwonjezera lendi ya mwezi woyamba. Pali msonkho wa khonsolo umene wokhala m'nyumba amalipira mwezi ndi mwezi. Pali magetsi ndi gasi wofunditsira nyumba, amene m'miyezi ya December kufikira February amatafuna ndalama koopsa. Chomaliza, chimene ambiri amachizindikira atafika kale, n'chakuti pa viza yawo padalembedwa kuti alibe gawo pa thandizo la boma: nyumba zotsika mtengo za khonsolo ndi ndalama zothandizira lendi, zimene mbadwa yosauka imalandira, mlendoyo sangazipemphe.

Kwathu kuno, kupatula a pa boma ndi a m'misika ikuluikulu, munthu sakula ndi maganizo a lendi. Mnyamata akasinkhuka amaumba njerwa namanga gowelo lake, akakwatira amapatsidwa malo, ndipo ngakhale wosauka wotheratu ali ndi pogona pamene palibe angamuthamangitse. Ndiye chifukwa chake abale otsala pamudzi zimawavuta kukhulupirira kuti mwana wawo, wolandira mamiliyoni, amagona m'kachipinda kamene bedi likalowa chitseko sichitseguka chonse.

Kachipinda kameneko tikalowemo. Kali m'nyumba yakale ya njerwa zofiira, yolumikizana ndi zinzake mumzera umodzi msewu wonse, imene idamangidwira banja limodzi koma mwini wake adaigawa kuti mukhale anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi osadziwana, mpaka pabalaza padasanduka chipinda chogona. M'firiji aliyense ali ndi shelefu yake, ndipo mkaka ukachepa pamakhala mlandu. Bafa ndi limodzi, ndipo 5 koloko mmawa pamakhala mzere wa anthu a mayunifolomu a makampani osiyanasiyana. Pakona pa zenera pamamera chuku chakuda chifukwa cha chinyezi, pakuti zovala zimayanikidwa m'nyumba ndipo mawindo satsegulidwa poopa kuzizira. Wogwira usiku akafika kuti agone, wogwira usana ndiye akudzuka. Ena, pofuna kupulumutsa ndalama, amafika pogawana bedi limodzi mosinthana. Pansi pa bedipo pali sutikesi yomwe adabwera nayo, m'mene muli kathumba ka ufa woyera ndi usipa wouma wosungira tsiku la kupukwa. Lamulo limati nyumba yokhala anthu asanu kapena kuposerapo a mabanja osiyana iyenera kukhala ndi chilolezo cha khonsolo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoiyendera ndi kulanga mwini wake. Koma mlendo amene alibe kwina kolowera amaopa kudandaula, poganiza kuti pakamwa pake padzamugonetsa panja.

Pali njira ina imene imaoneka yofewa, ndiyo nyumba yoperekedwa ndi wolemba ntchito, ndipo pano ndipamene ndifuna owerenga atchere khutu koposa. Makampani ena ndi okhulupirika: amamulandira mlendo pabwalo la ndege, namusunga mwezi umodzi kapena itatu pamtengo wabwino kufikira atapeza pake. Koma ena adaona kuti munthu amene viza yake ili m'manja mwawo, ntchito yake ili m'manja mwawo, denga lakenso lili m'manja mwawo, sangatsegule pakamwa. Ndipo monga Labani adasinthasintha malipiro a Yakobo podziwa kuti mkamwiniyo alibe kothawira, iwonso amadula lendi yokwera pa malipiro asanafike kwa mwini wake, napereka maola ochepa kusiyana ndi amene adalonjeza, nawonjezera ngongole ya galimoto, ya yunifolomu ndi ya maphunziro. Iyi ndi komponi yobwerera m'chovala china. Lamulo lilipo ndithu: m'chaka choyambira mu April 2025, wolemba ntchito akadula ndalama ya nyumba yoposa £10.66 pa tsiku, zopitirirazo zinkaŵerengedwa ngati zochotsedwa pa malipiro, ndipo akatsitsa nazo munthu kufika pansi pa £12.21 pa ola, ankakhala atalakwira lamulo. Nthawi yoyenda kuchoka khomo lina kunka lina nayonso iyenera kuŵerengedwa ngati ntchito. Boma la Britain lidanena lokha kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 lidalanda zilolezo za makampani osamalira anthu oposa 470, ndipo antchito ochokera kunja oposa 39,000 adakhudzidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti chilango cha kampani chimagwera wantchito poyamba, pakuti chilolezo chikalandidwa ntchito yatha, nyumba ya kampani yatha, ndipo kalata ikabwera yofupikitsa viza amakhala ndi masiku 60 okha opezera wolemba ntchito wina.

Nanga amene zidawayendera adachita chiyani? Ambiri a iwo adayamba ndi kusankha mzinda asanasankhe kampani. Malipiro a wosamalira sasiyana kwenikweni pakati pa London ndi kumpoto, koma lendi imasiyana kawiri kapena katatu, choncho ntchito ya ku Yorkshire, ku Wales kapena ku Scotland imasiya kanthu m'thumba pamene ya kummwera imangodyetsa landilodi. Komabe kutchipa kwa kumidzi kuli ndi mbola yake, chifukwa mabasi ndi osowa, ndipo woyenda khomo ndi khomo amakakamizika kugula galimoto, pamene laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha asanalembe mayeso a kumeneko. Ena adasankha ntchito yogonera m'nyumba ya wodwalayo, imene imapulumutsa lendi koma imalanda ufulu, ndipo gogoyo akamwalira kapena akagonekedwa m'chipatala, wosamalirayo amatuluka ndi sutikesi yake. Chithandizo chachikulu koposa chakhala chochokera kwa Amalawi anzawo, m'mipingo ya Lamulungu ndi m'magulu a WhatsApp a ku Manchester, Leeds, Nottingham ndi Glasgow, kumene kumamveka msanga kuti chipinda chapezeka pakuti, kumene amasonkha za maliro ndi kuchita chipereganyu chopezera dipoziti. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma ngakhale pakati pa abale, wanzeru salipira chipinda chimene sadachione ndi maso, amaitanitsa pangano lolembedwa ndi lisiti, natsimikiza kuti mwini nyumba weniweni akudziwa za kukhala kwake, chifukwa wobwereka kwa wobwereka mnzake alibe pogwira tsiku la mkangano. Dipoziti ya wobwereka nyumba mwalamulo iyenera kusungidwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30, osati m'thumba la landilodi. Ndipo mabungwe a Citizens Advice ndi Shelter amapereka uphungu wa za nyumba kwaulere, pamene bungwe la antchito la UNISON limalandira osamalira ochokera kunja. Safunsa adadya phula.

Zonsezi zikukhudza amene ali kale kumeneko. Kwa amene akadali kuno, nkhani ndi yaifupi. Pa 11 March 2024 boma la Britain lidaletsa osamalira atsopano kutenga amuna awo, akazi awo kapena ana awo. Ndipo pa 22 July 2025 lidatseka khomo lonse, kotero kuti kampani singalembenso wosamalira kuchokera kunja kwa dzikolo, kupatula kuti amene ali kale m'katimo apatsidwa mpata wowonjezera viza kapena kusintha kampani kufikira 2028. Anamwino olembetsedwa ali ndi njira yawo yosiyana, yodzera ku bungwe la Nursing and Midwifery Council. Choncho munthu aliyense amene lero akuyendayenda pa Ntcheu boma, pa Kampepuza kapena pa Facebook, nanena kuti ali ndi COS ya ntchito yosamalira okalamba ndipo akufuna mamiliyoni akuti, akugulitsa chinthu chimene kulibe. Ndipo ngakhale m'masiku amene khomo lidali lotseguka, lamulo la ku Britain silinkalola kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Madobadoba akaona njira ina yatsekeka amaloza ina, ndipo sitidaiwale amayi athu amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, nakapezeka ali m'nyumba za eni atalandidwa mapasipoti. Kulikonse kumene munthu akuitanidwa, afunse mafunso atatu asanagulitse mbuzi ndi imodzi yomwe: ndikagona kuti, ndizilipira zingati, ndipo ntchito ikatha denga limenelo likhala langa masiku angati?

Pali chinthu china chimene chimandilemera mumtima ndikamaona nyumba za malata ofiira ndi obiriwira zikumera m'mbali mwa msewu wa ku Kasinje ndi m'mphepete mwa Ntcheu boma. Zina mwa nyumba zimenezo, za zipinda zinayi ndi mpanda wa njerwa, zikumangidwa ndi ndalama zodzera pa Mukuru ndi Airtel Money kuchokera kwa munthu amene iye mwini alibe malo oyanikira chitenje. Ndipo pamene iye akutembenuza gogo wa eni usiku, mayi ake omubala akusamalidwa ndi kamdzukulu ka Sitandade 6 kamene kamajomba kusukulu kukatunga madzi. Sindikuweruza amene adapita, chifukwa fizi ya ana, feteleza ndi mankhwala a m'banjamo zikuchokera m'manja omwewo, ndipo dziko limene silipatsa ana ake ntchito lilibe pakamwa powadzudzulira. Ndikuti mtengo wake tiziudziwa wonse.

Tsono mawu anga apite kwa inu otsala, amalume, azakhali, alongo ndi akulu a mpingo. Mwana wanu akanena kuti mwezi uno zavuta, musafulumire kumutcha mtchona kapena kunena kuti wayamba kunyada, pakuti pa mapaundi amene mwamva aja theka kapena kuposerapo lapita kale ku lendi, msonkho wa khonsolo, gasi ndi basi iye asanagule ndiwo. Mulekeni chaka choyamba abweze ngongole ya ulendo ndi kusunga dipoziti ya chipinda chake chimene sichili m'manja mwa bwana wake, chifukwa tsiku limene kampani idzagwe, ndalama imeneyo ndiyo idzamuteteze kuti asagone pa siteshoni. Gwirizanani pabanja kuti pempho lizichokera pakamwa pamodzi, kamodzi pa mwezi, ndipo ndalama yotumizidwa kuti igule matumba a simenti igule simentiyo, ndi lisiti lake lijambulidwe litumizidwe. Ndipo mukamuimbira foni, musanatchule za feteleza, yambani mwamufunsa ngati pamene akugona pali pofunda.